Chifwamba cha m'njira ndi kazengedwe ka milandu ku Thyolo kuyambira m'zaka za m'ma 1800

Msewu wochoka ku Limbe kudzera pa Bvumbwe ndi pa Thunga mpaka paboma la Thyolo umadutsa m'minda ya tiyi yomwe mlendo angaganize kuti idakhalapo chikhalire. Komatu tiyi adayamba kulimidwa m'bomali cha m'ma 1908, pomwe njira zodutsa m'mapiriwa, pamodzi ndi anthu obisalira anzawo m'njiramo, n'zakale kwambiri kuposa pamenepo. Nkhani ino ikulongosola momwe mlandu wolanda katundu wa munthu wapaulendo wakhala ukuzengedwera m'derali: pabwalo la mfumu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800, m'manja mwa amishoni ndi atsamunda, m'makhoti a nthawi ya chipani chimodzi, kufikira lero pamaso pa majisitireti.

Tanthauzo la chifwamba

Chichewa chimasiyanitsa mbava ndi wachifwamba. Mbava imaba mwakabisira, mwini katundu ali mtulo kapena atayang'ana kumbali. Wachifwamba amalanda mwiniyo akupenya, ndipo chida chake chachikulu ndi mantha. Kale kufwamba sikudali kulanda katundu kokha. Mawuwa ankanenanso za kugwira munthu panjira, kumunda kapena kudambo n'kupita naye kosadziwika. Tanthauzo lachiwirili lidazika mizu m'nthawi ya malonda a akapolo, ndipo lidadzaonekeranso ku Thyolo m'chaka cha 1953.

Lamulo la dziko lino la milandu ya upandu, lotchedwa Penal Code, limasiyanitsanso chimodzimodzi. Gawo 300 limati munthu wapalamula mlandu wa kuba moopseza ngati waba chinthu, ndipo pa nthawi yobayo, atangotsala pang'ono kuba kapena atangoba kumene, wachita nkhanza kapena waopseza kuti achita nkhanza pofuna kutenga chinthucho kapena kuti asalandidwe. Kuba wamba chilango chake sichiposa zaka 5 m'ndende, pomwe kuba moopseza, malinga ndi gawo 301, chilango chake chimafika zaka 14. Wolandayo akakhala ndi chida choopsa, akakhala ndi anzake, kapena akavulaza munthu, lamulo limalola kuti aikidwe m'ndende moyo wake wonse ngakhalenso kugamulidwa kuti anyongedwe.

Thyolo tiyi asanabwere

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800, eni dera la phiri la Thyolo adali Amang'anja, mphukira ya Amaravi. Mfumu yawo yaikulu inkatchedwa Lundu ndipo inkakhala kuchigwa cha Shire, koma pofika nthawi imeneyo mphamvu zake zidali zitachepa, moti mafumu ang'onoang'ono ankadzilamulira okha m'madera awo. Chomwe chinkamangabe anthu pamodzi chidali chipembedzo cha Mbona, chomwe kachisi wake wamkulu ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ndipo paphiri la Thyolo padalinso malo opembedzerapo.

Amang'anja ankalima mapira ndi thonje, ankaomba nsalu ndi kusula makasu. Anthu a kumapiri ankasinthana katundu ndi a kuchigwa, komwe kunkachokera mchere ndi nsomba zouma. Padalinso maulendo akuluakulu a amalonda a Chiyao ndi Abisa onyamula minyanga ya njovu kupita ku Tete, Sena, Quelimane ndi kugombe la nyanja ya mchere, pobwera n'kudza ndi nsalu, mikanda ndi mkuwa.

Misewu kudalibe, apolisi kudalibe, ndende kudalibenso. Chitetezo cha wapaulendo chidali pa zinthu ziwiri. Choyamba chidali kuyenda pagulu, amuna atanyamula mauta ndi nthungo. Chachiwiri chidali kudziwika kwa mfumu ya dera lomwe munthu akudutsamo. Mtsogoleri wa ulendo ankayamba walonjera mfumu ndi nsalu kapena mikanda, ndipo mfumu yolandira mphatsoyo inkasanduka nkhoswe ya alendowo kufikira atatuluka m'dziko lake. Wolanda mlendo wa mfumu adali atalakwira mfumuyo. Koma wodutsa mozemba, osalonjera, akalandidwa adalibe kokadandaula.

Mlandu pabwalo

Wofwamba akadziwika, nkhani inkapita kubwalo. Mlandu sunali wa munthu mmodzi koma wa mbumba yonse. Wolandidwa ankauza mwinimbumba wake, yemwe kawirikawiri adali malume, ndipo iyeyo ndiye ankakatula dandaulo kwa mwinimbumba wa wolakwayo kapena kwa nyakwawa ya mudzi wake. Patsiku la mlandu anthu ankakhala pansi pa mtengo, amuna mbali ina, amayi mbali ina. Wodandaula ankayala nkhani yake yonse osadulidwa mawu, kenako woyankha naye n'kuyala yake. Mbali iliyonse inkakhala ndi munthu wodziwa kulankhula woiimira. Nduna zinkafunsa mafunso, mboni zinkaitanidwa, ndipo mfumu inkalankhula pomaliza itamva komwe maganizo a akuluakulu apendekera. Mlandu unkatha kutenga masiku angapo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cholinga cha chigamulo chidali kubweza zotayika ndi kuyanjanitsa mbumba ziwiri. Wopezeka wolakwa ankabweza katundu n'kuonjezapo dipo la makasu, nsalu, mbuzi kapena nkhuku, ndipo abale ake ankasonkherana. Mlandu ukakula, monga pamene wapaulendo wavulazidwa kapena waphedwa, mbumba ya wolakwa inkapereka munthu, kaya ngati chikole choti adzamuombole, kaya kuti akhale wa mbumba inayo mpaka kalekale. Mlandu wosalipidwa sunkaiwalika. Unkatha kudzuka patapita zaka zambiri, mwini wake atamwalira kale, n'kugwera adzukulu. Mwambi wakuti mlandu suola umanena zimenezi.

Pamene umboni wasowa, woganiziridwa n'kukanitsitsa, ankapita kumwavi. Mwavi ndi chakumwa chochokera ku khungwa la mtengo wa dzina lomwelo, womwe akatswiri a zomera amautcha Erythrophleum, ndipo khungwalo lili ndi ululu wogwira mtima. Wosinja khungwalo ankatchedwa mapondera. Womwa akasanza, bwalo linkati ngosalakwa ndipo womunenerayo ankalipira. Akapanda kusanza, nthawi zambiri ankafa, ndipo imfayo inkatengedwa kuti ndi umboni. Pa milandu ing'onoing'ono ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu. Anthu ambiri ankakhulupirira mwavi kotheratu, moti wonamiziridwa ankatha kuupempha yekha kuti ayeretse dzina lake. Chikhalirecho, moyo wa munthu unkadalira kuchuluka kwa khungwa lomwe mapondera wasinja, choncho mfumu yokondera inkatha kuugwiritsa ntchito pochotsa amene sikumufuna.

Umboni wolembedwa wa nthawi imeneyo ukupezeka m'buku la msilikali wa Chipwitikizi António Gamitto, yemwe adachoka ku Tete m'chaka cha 1831 pa ulendo wopita kwa Mwata Kazembe wotsogoleredwa ndi José Monteiro. Ulendowo udadutsa m'midzi ya Amaravi a kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi, abale a Amang'anja. M'buku lake, O Muata Cazembe, lomwe lidasindikizidwa ku Lisbon m'chaka cha 1854, Gamitto adalemba za milandu, za mwavi ndi za nsalu zomwe apaulendo ankalipira kuti adutse. Iye ankaona malipirowo ngati kulanda, pomwe kwa eni dziko udali msonkho wa njira. Kusamvana kotere pa funso lakuti wolanda ndani kudapitirira kwa zaka zoposa 100.

Nthawi yomweyo ku London

Popeza malamulo omwe makhoti a Malawi amatsata lero adachokera ku England, n'kofunika kudziwa momwe mlandu womwewu unkazengedwera kumeneko m'zaka zomwezo. Cha m'ma 1820 malamulo a dzikolo adali ndi milandu yoposa 200 yomwe chilango chake chidali kunyongedwa, ndipo kulanda munthu pamsewu udali umodzi mwa iyo, ngakhale cholandidwacho chikhale chipewa kapena wotchi. Milandu ikuluikulu ya mumzinda wa London inkazengedwa kukhoti la Old Bailey. Wolandidwa ndiye ankasuma yekha, kufuna yekha mboni ndi kulipira zofunika. Milandu yambiri inkatha m'mphindi zowerengeka, ndipo gulu limodzi la anthu 12 othandiza woweruza linkagamula milandu ingapo tsiku limodzi.

Woimbidwa mlandu adali ndi mwayi wochepa. Loya wake, ngati adali naye, ankangofunsa mboni mafunso. Adaloledwa kulankhula mwachindunji kwa ogamula 12 aja kuyambira m'chaka cha 1836, ndipo woimbidwa mlandu mwiniwake adayamba kuloledwa kupereka umboni wolumbira m'chaka cha 1898. Si onse ogamulidwa kuti afe omwe ankanyongedwa. Ambiri ankawasinthira chilango n'kuwatumiza ku Australia, komwe kudapita akaidi oposa 160,000 pakati pa 1788 ndi 1868.

Polisi ya mzinda wa London idakhazikitsidwa ndi Robert Peel m'chaka cha 1829. M'chaka cha 1837 chilango cha imfa chidachotsedwa pa milandu yambiri yolanda, kupatula pamene wolandidwa wavulazidwa, ndipo m'chaka cha 1861 chidachotsedweratu pa mlanduwu. Koma m'chaka cha 1862 phungu wina wa nyumba ya malamulo, James Pilkington, adalandidwa wotchi usiku mumzindamo, nyuzipepala n'kufalitsa mantha, ndipo chaka chotsatira aphungu adabweza chilango chokwapula achifwamba. Azungu omwe adafika kumapiri a Shire patangopita zaka zochepa adakulira m'dziko lomwe chikoti chidali yankho lovomerezeka pa kuba.

Njira za goli

Kuyambira cha m'ma 1850 mtendere wa m'njira udasokonekera. Kuchigwa cha Shire kudabuka Paul Marianno, wodziwika ndi dzina lakuti Matekenya, yemwe anyamata ake a mfuti ankagwira anthu n'kukawagulitsa kwa Apwitikizi. Cha m'ma 1860 magulu a Ayao, othawa nkhondo ndi njala kwawo kum'mawa kwa nyanja, adalowa m'mapiri a Shire n'kulimbana ndi Amang'anja. Munthu adasanduka katundu wamtengo kuposa makasu ndi nsalu. Mayi wopita kukatunga madzi kapena mwana wolondera mbalame kumunda ankatha kufwambidwa n'kuikidwa m'goli.

Bwalo la milandu nalo lidaonongeka. Mwambo wolipa munthu pa mlandu waukulu, womwe kale unkasiya woperekedwayo m'mudzi woyandikana momwe abale akadatha kumuombola, tsopano unkathera kugombe la nyanja ya mchere. Mafumu ena adayamba kukuza timilandu tating'ono kuti apeze anthu ogulitsa.

David Livingstone adaona zimenezi pa 16 July 1861 pamudzi wa Mbame, kummwera kwa komwe lero kuli mzinda wa Blantyre. Iye ndi anthu ake adakumana ndi ulendo wa akapolo wopita ku Tete, oyendetsa ulendowo adathawa, ndipo anthu 84 adamasulidwa n'kupita ndi Bishopu Charles Mackenzie ku Magomero. Chilala ndi njala ya 1862 ndi 1863 zidatsiriza kubalalitsa Amang'anja. Kuchigwa ulamuliro udagwera Amakololo omwe adabwera ndi Livingstone, monga Kasisi ndi Chipatula, ndipo m'chaka cha 1884 Angoni a Maseko adaoloka Shire n'kuthira nkhondo midzi ya kumapiri.

Zikoti za pamishoni

Mishoni ya Church of Scotland idakhazikitsidwa ku Blantyre m'chaka cha 1876. Katundu wake ankabwera pa sitima za pamtsinje wa Shire, kenako amtengatenga ankamusenza pamutu kukwera naye mapiri. Mitolo ina inkasowa panjira. Popeza kudalibe boma, amishoniwo adadziika okha kukhala apolisi, oweruza ndi opereka chilango. Oganiziridwa kuba ankakwapulidwa koopsa, ndipo mmodzi adafa nazo zikotizo. M'chaka cha 1879 munthu wina woganiziridwa kuti adapha mayi adaomberedwa ndi mfuti amishoniwo atamugamula.

Mlenje wa ku Australia, Andrew Chirnside, adafalitsa nkhanizi m'kabuku komwe kadatuluka ku London m'chaka cha 1880. Mpingo udatumiza James Rankin ndi Alexander Pringle kudzafufuza, ndipo zotsatira zake mtsogoleri wa mishoniyo, Duff Macdonald, pamodzi ndi John Buchanan ndi George Fenwick, adachotsedwa ntchito. Wolowa m'malo, David Clement Scott, yemwe adafika m'chaka cha 1881, adasiya zikoti nayamba kuthetsa mikangano pokhala pabwalo ndi mafumu monga mwa mwambo wa eni dziko. Scott adaphunzira Chimang'anja mozama, natulutsa buku lalikulu lomasulira mawu a chilankhulochi m'chaka cha 1892, ndipo ankaona kuti mlandu wa pabwalo ndi njira yeniyeni ya chilungamo yoyenera kulemekezedwa.

Boma, misonkho ndi maesiteti

Britain idalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake m'chaka cha 1891, ndipo Harry Johnston adabwera ndi asilikali a ku India motsogozedwa ndi Cecil Maguire. Mafumu a Chiyao a kuphiri la Mulanje, monga Chikumbu, Mkanda ndi Matipwiri, omwe ankalamulira njira yopita ku Quelimane, adatchedwa achifwamba chifukwa cholanda maulendo ndi kugulitsa akapolo, ndipo adagonjetsedwa pakati pa 1891 ndi 1895. Malinga a Fort Lister ndi Fort Anderson adamangidwa m'chaka cha 1893 kuti azilondera njirazo.

M'boma lililonse mzungu wotolera msonkho ndiye adalinso woweruza, ndipo apolisi ake ankadzilembera yekha. M'chaka cha 1902 lamulo lochokera ku London lidakhazikitsa khoti lalikulu, nalamula kuti malamulo a ku England azigwira ntchito kuno, koma kuti pa milandu ya eni dziko makhoti azitsatanso miyambo yawo ngati siikutsutsana ndi chilungamo monga momwe azunguwo ankachionera. Mwavi udaletsedwa ndi lamulo la za ufiti la 1911. Polisi ya dziko lonse idakhazikitsidwa m'chaka cha 1921. Penal Code idavomerezedwa m'chaka cha 1929 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1930, ndipo mizu yake ili m'lamulo la chigawo cha Queensland ku Australia la 1899. Mu 1933 mafumu adapatsidwa makhoti awo, koma a milandu ing'onoing'ono yokha. Kuyambira pamenepo chifwamba chidaleka kukhala ngongole ya pakati pa mbumba ziwiri. Chidasanduka mlandu wolakwira boma, chilango chake ndende ndi zikoti, ndipo wolandidwa adasanduka mboni chabe, kawirikawiri wobwerera kwawo chimanjamanja.

Ku Thyolo, komwe azungu ankalemba kuti Cholo, kusinthaku kudadza pamodzi ndi kutha kwa malo. Kuyambira 1892 Johnston adapereka zikalata zotsimikizira azungu umwini wa malo omwe ankati adagula kwa mafumu, ndipo gawo lalikulu la bomali lidagwera m'manja mwa makampani, yaikulu mwa iwo British Central Africa Company. Poyamba adalima khofi, kenako fodya ndi thonje, tiyi n'kudzatsatira. Esiteti ya Satemwa, mwa chitsanzo, idayamba m'chaka cha 1923. Njanji yochokera kuchigwa kudzera pa Luchenza idafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo ntchito ya amtengatenga m'njira za kumapiri idachepa.

Ogwira ntchito ambiri m'mindamo adali Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Kuti akhale pamalo a mzungu ankagwira thangata. Lamulo la 1928 lidati wokhala pa esiteti azilipira lendi kapena kugwira ntchito, ndipo mwini malo adaloledwa kusamutsa gawo limodzi mwa magawo khumi a anthuwo zaka zisanu zilizonse. Zinthu zomwe kale sizidali mlandu, monga kutola nkhuni, kudula mitengo yomangira nyumba kapena kutsegula munda m'thengo, tsopano zinkafikitsa munthu kukhoti. Mwini esiteti ankati anthu akumubera, anthu nawo ankati wolanda wamkulu ndi amene adatenga nthaka.

Malalanje a ku Mangunda

Mkwiyo umenewu udaphulika mu August 1953. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe anthu akuda adachikana, chidali chitangokhazikitsidwa mwezi womwewo. Lendi ya pamaesiteti idali itakwera kuposa kawiri, ambiri adakana kulipira, ndipo ena adalandira zikalata zowasamutsa. Malamulo a malimidwe, okakamiza anthu kupanga migula, adaonjezera chidani.

Usiku wa pa 18 August, pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza, azungu a banja la Tennett adagwira anthu awiri omwe ankati akuba malalanje. Pofika m'mawa mbiri idali itawanda m'midzi yakuti anthuwo aphedwa ndipo kuti azunguwo ndi achifwamba, m'tanthauzo lakale lija la ogwira anthu. Khwimbi la anthu lidasonkhana pa esitetiyo, apolisi adabwera, ndipo chipolowe chidayamba. M'masabata otsatira anthu adatseka misewu ndi mitengo, adadula mawaya a lamya, adanyanyala ntchito, ndipo zipolowezo zidafalikira m'maboma ena a chigawo cha kummwera. Boma lidaitanitsa apolisi kumaiko oyandikana nawo. Pomwe bata linkabwerera, anthu 11 adali atafa ndipo 72 adavulala.

Mlandu wa malalanje, womwe pabwalo la mfumu ukadatha ndi nkhuku, udakula chotero chifukwa anthu sankakhulupirira kuti khoti la boma lingamve dandaulo lawo pa mzungu. Zitachitika izi boma lidafulumiza kugula malo kwa makampani, ntchito yomwe Sidney Abrahams adalangiza m'lipoti lake la 1946, ndipo thangata lidathetsedwa ndi lamulo la 1962.

Makhoti a makolo

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, Penal Code idakhalabe, koma kazengedwe ka milandu ikuluikulu kadasintha chifukwa cha kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe ndi madera ena a mzinda wa Blantyre. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu pafupifupi 30 adaphedwa usiku m'nyumba zawo, ndipo mphekesera zidamveka zakuti magazi awo akutumizidwa ku South Africa. M'chaka cha 1969 khoti lalikulu lidamasula anthu omwe adaimbidwa umodzi mwa milanduyo chifukwa umboni udali wosakwanira. Dr Hastings Kamuzu Banda adakwiya, ndipo nyumba ya malamulo idapatsa makhoti a makolo mphamvu zozenga milandu ikuluikulu ndi kugamula kuti munthu anyongedwe. Oweruza a ku Britain omwe adali kukhoti lalikulu adatula pansi maudindo. Walla Laini Kawisa, yemwe adagwidwa m'chaka cha 1970, ndiye adapezeka wolakwa pa zina mwa imfazo.

M'makhoti amenewa, momwe oweruza ambiri adali mafumu, woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo malamulo a umboni sankatsatidwa mokhwima. Dzina lidali la makolo, koma zomwe zinkapatsa mphamvu bwalo lakale, monga mwinimbumba woimira mbale wake ndi dipo lobwezera wolakwiridwa, mudalibe. Makhoti omwewa ndiwo adazenga Albert Muwalo m'chaka cha 1977 komanso Orton ndi Vera Chirwa omwe adagamulidwa mu 1983. Adaimitsidwa m'chaka cha 1993, ndipo malamulo oyendetsera dziko a 1994 adabwezera milandu yonse ya upandu kumakhoti a majisitireti ndi khoti lalikulu.

Momwe mlandu umayendera lero

Boma la Thyolo, malinga ndi kalembera wa 2018, lili ndi anthu oposa 720,000, ndipo ambiri amayenda pansi, panjinga kapena pa kabaza m'tinjira todutsa m'minda ya tiyi, nthawi zina kusanache. Zomwe achifwamba a lero amafuna ndi mafoni, ndalama za malipiro, katundu wa geni ndi njinga zamoto, ndipo chida chofala ndi chikwanje.

Wolandidwa amayenera kukanena kupolisi msanga, ndipo ngati wavulala amatenga chikalata cha kupolisi kupita nacho kuchipatala, pakuti lipoti la dokotala ndi umboni. Woganiziridwa akagwidwa, gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati auzidwe chomwe wamangidwira m'chilankhulo chomwe amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48. Amatengedwa kuti ngosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Belo ya kupolisi salipira. Wosowa ndalama za loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Milandu yambiri ya kuba moopseza imazengedwa ndi majisitireti, woimira boma ali wapolisi. Mlandu ukawerengedwa, woimbidwayo amavomera kapena kukana. Akakana, boma limabweretsa mboni, iye kapena loya wake n'kuzifunsa mafunso, ndipo khoti likaona kuti pali mlandu woti ayankhe, amapereka mbali yake. Pamilandu yotere nkhani imakonda kukanganirana pa kuzindikira nkhope, chifukwa chifwamba chimachitika mumdima ndiponso mwadzidzidzi. Khoti limafunsa kuti kudali kuwala kotani, mboni idamuona wolandayo nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati idamudziwa kale. Kupezeka ndi katundu wobedwa posachedwa popanda kufotokoza komveka ndi umboni wolemera, ndipo wogula katundu akudziwa kuti ngobedwa ali ndi mlandu wakewake. Wopezeka wolakwa amapatsidwa mpata wodandaula chilango chisanaperekedwe, angathe kuchita apilo, ndipo zilango zikuluzikulu zimaunikidwanso ndi khoti lalikulu.

Zikoti zidathetsedwa ndi gawo 19 la malamulo a 1994. Chilango cha imfa chikadali m'mabuku, koma palibe wanyongedwa chiyambire 1992, ndipo pa mlandu wa Kafantayeni m'chaka cha 2007 khoti lalikulu lidati woweruza asamakakamizidwe kupereka chilangochi. Mu January 2017, pa mlandu wa Gwanda, wokhudza wogulitsa majumbo yemwe adamangidwa m'mamawa akupita kukachita geni ku Limbe, khoti lidathetsa mbali ya lamulo la vakabu yomwe inkalola kumanga munthu pongomuganizira chifukwa cha malo ndi nthawi yomwe wapezeka. Chigamulochi chimakhudza aliyense wolawirira kumunda wa tiyi kapena kumsika wa Bvumbwe.

Vuto lotsala ndi la anthu ogamula okha milandu pamsewu. M'miyezi ya September ndi October 2017 mphekesera za anamapopa zidayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Thyolo, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Magulu a anthu adatseka misewu, adapha anthu angapo ongowaganizira, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena. Apolisi adamanga anthu oposa 100. Pamaso pa lamulo, womenya kapena kuotcha woganiziridwa amayankha mlandu wovulaza kapena wakupha, ngakhale womenyedwayo atakhala kuti adabadi. Munthu wamba amaloledwa kugwira yemwe wamupeza akulanda, koma ayenera kumupereka kupolisi mosachedwa, pamodzi ndi katundu ndi chida chomwe wamupeza nacho, ndipo omwe adaona ayenera kukaonekera kukhoti tsiku la mlandu. Mboni zikajomba, khoti limamasula woimbidwayo, ndipo wolandidwa amatsala opanda chilungamo ndiponso opanda katundu wake.